Chipala chaulere chimene sunganyamule

Mukafika pa chipata cha Mchinji m'mawa, pamene dziko lathu lagundana ndi la Zambia, mupeza malole atandandalika m'mbali mwa msewu, madalaivala ali pamthunzi kudikira mapepala. Katundu aliyense wodutsa apa ali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ayenera kuonetsa kalata. Feteleza ali ndi kalata, simenti ili ndi kalata, ngakhale mtedza wa ku Kamwendo ukafuna kukaona dziko la eni uyamba wagwada kwa akalaliki. Mu Disembala 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegulira maofesi atsopano a Mchinji ndi Mwami kuti wapaulendo aziima kamodzi m'malo mwa kawiri, komabe kalata ndiye sinathe ntchito.

Tsono lowani mu ofesi ya ma ejenti oombola katundu, muone pa kompyuta pamene akulembapo za malole aja. Pologalamu imene amagwiritsa ntchito ndi ASYCUDA World, yopangidwa ndi nthambi ya bungwe la United Nations yoona za malonda ya UNCTAD, ndipo mabungwe otolera misonkho a maiko onse awiri amadalira yomweyo. Pologalamu imeneyi inalembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa Java. Amene munali ndi foni za Nokia zija zokhala ndi timasewera mukukumbukira kakapu ka khofi kofuka nthunzi kamene kankaoneka masewera asanayambe. Kakapu kameneko ndiko chizindikiro chake. Java ameneyu wakhala akulowa ndi kutuluka m'dziko muno kwa zaka zambiri popanda womuimitsa pa chipata, chikhalirecho naye ali ndi kalata yake, ndipo kalatayo inavutitsa anthu kwabasi.

Anthu a ku Mchinji safunika mphunzitsi kuti awauze tanthauzo la layisensi. Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, lamulo la mbewu zapadera linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale m'munda mwake ndi kukagulitsa yekha ku okushoni. Fodya ameneyu anali wa eni maesiteti. Tenanti ankadziwa zonse, kuyambira kufesa nazale mpaka kupachika fodya m'chigafa ndi kusankha magiredi, koma luso lakelo linalibe chilolezo. Manja anali ake, nzeru zinali zake, pepala linali la wina. Awerengi musunge chithunzi chimenechi, pakuti nkhani ya Java ndi yofananako, kungoti inachitikira kutali, ife n'kumangomva kupweteka kwake osadziwa kumene kukuchokera.

Tiyambe ndi kumasulira chinthu chenichenicho. Mmisiri wa makompyuta akamalemba pologalamu amalemba mawu amene munthu wophunzira angathe kuwerenga, amene anzathu amawatcha source code. Kompyuta siimva mawu amenewo mwachindunji. Pamafunika zipangizo zowatembenuza kuti akhale chinthu chogwira ntchito, zina zofufuzira pamene palakwika, ndi mulu wa tizidutswa topangiratu timene mmisiri amangotola m'malo moyamba chilichonse payekha. Zipangizo zonsezi pamodzi ndizo development kit. Ine ndimaziyerekeza ndi chipala cha wosula: mvukuto, nyundo, mbaniro ndi mwala wosulirapo. Khasu ndi pologalamu. Chipala ndi kumene khasu limabadwira, ndiponso kumene limabwerera likathyoka.

Chipala cha Java chinatchedwa JDK. Eni ake anali a kampani ya Sun Microsystems ya ku California, ndipo mtsogoleri wa amisiri amene anayambitsa chiyankhulochi anali a James Gosling. Anachilengeza m'chaka cha 1995, JDK yoyamba n'kutuluka mu Januwale 1996. Chimene chinakopa anthu chinali lonjezo lakuti ukalemba pologalamu kamodzi idzagwira ntchito pa makina a mtundu uliwonse. Ndipo a Sun sankalipiritsa. Aliyense ankatha kupita pa tsamba lawo la intaneti, kudina kuti wavomereza malamulo, n'kutenga chipalacho osapereka ngakhale tambala.

Nanga vuto linali pati, poti zinthu n'zaulere? Apa Chichewa chathu chimaposa Chingerezi. Azungu ali ndi liwu limodzi, free, limene limatanthauza zinthu ziwiri, ndipo akhala akusokonezana nalo zaka zonsezi. Ife tili ndi mawu awiri osiyana: ulere ndi ufulu. Phala la kusukulu ndi laulere, koma mwana alibe ufulu wonyamula poto kupita nayo kwawo. JDK inali yaulere. Ufulu ndiye panalibe.

Kumbali ina kunali anthu amene ankamanga nkhokwe. M'chaka cha 1993 mnyamata wina wa ku America, Ian Murdock, anayambitsa ntchito yotchedwa Debian, yosonkhanitsa mapologalamu aufulu kuti munthu akhale ndi zonse zoyendetsera kompyuta popanda kugula kwa kampani iliyonse. Pologalamu iliyonse amaikulunga m'phukusi lake, maphukusi onse n'kuwasunga m'nkhokwe imodzi, ndipo lero muli maphukusi oposa 60,000. Ogwira ntchitoyi ndi ongodzipereka, omwazikana m'maiko ambirimbiri. Mphamvu ya nkhokweyi ili pa chinthu chimodzi: aliyense akhoza kuikopera yonse. Sukulu ya ukachenjede ikhoza kusunga kope lake, munthu akhoza kuitsanulira pa zimbale n'kukagulitsa kapena kupatsa mnzake, ndipo palibe amene angamufunse.

Kuti zimenezi zitheke, mu Julaye 1997 a Debian anagwirizana mfundo zoyezera katundu wolowa m'nkhokwe, ndipo amene anatsogolera kuzilemba anali a Bruce Perens. Pologalamu iyenera kuloleza aliyense kuigawa, iyenera kubwera ndi source code yake, iyenera kuloleza kuisintha ndi kugawa zosinthazo, ndipo isasankhe anthu kapena ntchito. Mfundo ina, imene ambiri amaiiwala, ndi yakuti chilolezocho chisakhale cha a Debian okha, chiyenera kutsatira pologalamuyo kulikonse kumene yapita. Zimene zakhoza mayeso amenewa zimalowa m'chipinda chachikulu chotchedwa main. Zimene zalephera koma eni ake amalola kuzigawa zimaikidwa m'kachisakasa kapambali kotchedwa non-free. Palinso contrib, kosungira zinthu zaufulu zimene sizingayende popanda kutsamira chinthu chopanda ufulu.

Kuyambira pa JDK 1.2, JDK ya a Sun inalephera kulowa ngakhale m'kachisakasa kaja. Layisensi yake inali ndi minga itatu imene ndikufuna tiione bwino, chifukwa minga yomweyi imapezekabe m'mapepala a makampani ambiri. Choyamba, unkaloledwa kugawa Java pokhapokha utamuphatikiza ndi pologalamu yako, ndipo cholinga chikhale kuyendetsa pologalamu yakoyo basi. Nkhokwe siigawa zinthu motero. Imaika chipangizo pa shelefu kuti aliyense atenge ndi kuchitira chimene akufuna. Chachiwiri, sunkaloledwa kusintha kanthu, kapena kugawa pamodzi ndi pologalamu ina yolowa m'malo mwa gawo lililonse la Java. Koma ntchito ya womanga phukusi ndiyo kukonzakonza kuti chinthu chikhale bwino pakati pa zinzake, ndipo m'nkhokwe ya Debian munali kale mapologalamu opikisana ndi a Sun. Chachitatu, wogawayo ankayenera kulonjeza kuti wina akasumira a Sun pa zochokera m'kugawako, iyeyo ndiye adzaime pa mlandu ndi kulipira. Tangoganizani, mphunzitsi wongodzipereka usiku akaweruka kuntchito alonjeze kulipirira maloya a kampani ya mabiliyoni. Angayambe bwanji?

Tisawaweruze msanga a Sun. Mantha awo anali ndi pogwira. Kampani ya Microsoft inatenga Java ndi chilolezo, n'kuyamba kumusintha mwakuti mapologalamu olembedwa ndi zipangizo zawo aziyenda bwino pa Windows pokha. Ukatero lonjezo lija lakuti lemba kamodzi latha. A Sun anakasuma mu Okutobala 1997, ndipo nkhaniyo inatha mu Januwale 2001 a Microsoft atalipira madola 20 miliyoni. Munthu amene walumidwapo chotere amatseka zitseko zonse. Cholakwika chinali chakuti mpanda umene anamangira fisi unatsekeranso kunja abale amene ankabwera kudzathandiza kulima.

Ku Ulaya ndi ku America vutoli linali longonyansa chabe. A Debian anapeza njira yolambalala: anapanga kaphukusi kotchedwa java-package, kamene mkati mwake munalibe Java. Iwe mwini unkayenera kupita kwa a Sun, kuvomereza malamulo ndi chala chako, kukoka JDK, kenaka kaphukusiko n'kukuthandiza kuikulunga bwino pa makina ako okha. Kwa munthu wa ku Berlin inali ntchito ya mphindi zochepa.

Kwathu kuno zinali zina. Intaneti ya anthu wamba inayamba m'dziko muno m'chaka cha 1997 ndi kampani ya MalawiNet, ndipo kwa zaka zoposa khumi chilichonse chochokera kunja chinkadzera m'mlengalenga, pa mtengo woboola m'thumba. Zingwe za pansi pa nyanja zinafika ku gombe la kum'mawa kwa Africa mochedwa, SEACOM mu 2009 ndi EASSy mu 2010. Ambiri ankalumikiza kompyuta ku waya wa lamya. JDK ya masiku amenewo inkafika ma megabyte 50 ndi kuposa, ndipo pa liwiro lapamwamba la waya wa lamya imeneyo ndi ntchito ya maola awiri, ngati waya sunaduke, ngati magetsi sanazime, ndiponso ngati bwana sakufuna kuimba foni. Ukafika pa boma ngati Mchinji, mtunda wopitirira makilomita 100 kuchokera ku Lilongwe, uyambe wafunsa ngati mzere wa lamyawo ulipo n'komwe.

Ndiye chifukwa chake mapologalamu aufulu ankafika kuno pa chimbale, m'chikwama cha munthu. A Mark Shuttleworth a ku South Africa atayambitsa Ubuntu mu Okutobala 2004, pomanga pa maziko a Debian, kampani yawo ya Canonical inkatumiza zimbale zaulere pa positi kwa aliyense wopempha, kulikonse pa dziko lapansi, mpaka mu Epulo 2011. Ku South Africa komweko kunali makina otchedwa Freedom Toaster, oima m'malo opezeka anthu ambiri, kumene unkabwera ndi chimbale chopanda kanthu n'kudzitsanulira wekha. Chimbale chimodzi chinkatha kuyenda m'manja khumi, monga mbewu ya mtedza wa Chalimbana imene mayi amapatsa mwana wake, mwana n'kupatsa mnansi. Ndipo kuteroko sikunali kuba. Eni ake ankachita kupempha kuti uzigawa.

Koma pa chimbale chimenecho JDK ya a Sun panalibe, ndipo amene anali nayo pa makina ake sankaloledwa kukutsanulira. Ndikudziwa zimene ena mukunena chamumtima, kuti ndani akanabwera kuchokera ku California kudzagwira munthu pa Kamwendo chifukwa cha chimbale. Zoona, palibe. Anthu ankakoperana ndithu. Koma pali kusiyana pakati pa mnyamata wothandiza mnzake ndi unduna wa boma, sukulu ya ukachenjede, kapena bungwe limene likufuna kuika makompyuta m'zipatala makumi asanu ndi ndalama za opereka thandizo. Amenewa amasayina mapepala, amawerengedwa mabuku, ndipo sangamange ntchito ya dziko pa chinthu chobisa pansi pa tebulo. Lamulo lathu lomwe la zokopera, la m'chaka cha 2016, limateteza mapologalamu a kompyuta monga limatetezera mabuku.

Amene anaiona nkhaniyi patali anali a Richard Stallman, amene anayambitsa ntchito ya GNU mu 1983 ndi kulemba layisensi ya GPL mu 1989. Mu Epulo 2004 analemba chenjezo lotchula Java kuti ndi msampha. Mfundo yawo inali yakuti ukhoza kulemba pologalamu yako n'kuipereka kwa anthu ndi ufulu wonse, koma ngati siingayende popanda chipala cha eni, ufulu umene waperekawo ndi wa pakamwa. Khasu ndi lako, koma likathyoka ukagwada kwa mwini chipala. Panali kale magulu amene ankayesa kusula chipala chawochawo osaona za a Sun, monga Kaffe, GCJ ndi GNU Classpath. Anagwira ntchito yotamandika, koma nthawi zonse ankakhala m'mbuyo, poti a Sun akatulutsa zatsopano iwo ankayambanso kuthamangira.

Chaka cha 2006 ndicho chinatembenuza zinthu, ndipo zinatembenuka kawiri. Mu Meyi, pa msonkhano wa JavaOne ku San Francisco, a Sun analengeza layisensi yatsopano yotchedwa DLJ, yolola omanga nkhokwe za Linux kugawa JDK pamodzi ndi zinthu zawo. A Shuttleworth anaonekera pa nsanja kuyamikira. Masiku omwewo phukusi la sun-java5 linalowa mu non-free ya Debian, ndipo Ubuntu 6.06 inalinso nalo m'chipinda chake cha multiverse. Kwa ife izi zinatanthauza kuti amene wakopera nkhokwe yonse ku Lilongwe kapena ku Zomba akhoza tsopano kukhala ndi Java mkati mwake mosaphwanya lamulo.

Koma m'nyumba ya Debian munabuka mkangano woopsa. Ena anati phukusilo lalowetsedwa mothamanga, mwakachetechete, anthu asanaione bwino layisensiyo. Anati minga ina ikadalipo, makamaka ija yolonjeza kuimira a Sun pa milandu, ndipo anafunsa chifukwa chake bungwe la Software in the Public Interest, limene limasunga chuma cha Debian, silinafunsidwe. Mtsogoleri wa Debian chaka chimenecho, a Anthony Towns, anaikira kumbuyo zimene zinachitikazo. Pa nthawiyo odandaulawo ankaoneka ngati anthu okonda mikangano, okana mphatso chifukwa cha kakulungidwe kake. Koma anali ataona chinthu chenicheni. DLJ sinali ufulu. Chinali chilolezo cha mwini munda chakuti ukhoza kudutsa, ndipo mwini munda akasintha maganizo, kapena munda ukagulitsidwa, njira imatsekedwa.

Kutembenuka kwachiwiri ndiko kunali kwenikweni. Pa 13 Novembala 2006 a Sun, motsogozedwa ndi a Jonathan Schwartz, analengeza kuti akupereka Java pansi pa layisensi ya GPL. Anayamba ndi zigawo zingapo, ndipo mu Meyi 2007 anatulutsa pafupifupi zonse zotsala, pansi pa dzina lakuti OpenJDK. Ndati pafupifupi chifukwa panali tizigawo tochepa, monga tojambulira zilembo ndi toyendetsa mawu, timene a Sun nawonso anachita kubwereka kwa makampani ena ndipo analibe mphamvu yotimasula. Eti mwini chipala naye mvukuto unali wobwereka! Amisiri a kampani ya Red Hat anayambitsa ntchito ya IcedTea mu Juni 2007 yotseka mipata imeneyi, pogwiritsa ntchito zina mwa zimene a GNU Classpath aja anasula m'zaka za mdima. Pofika mu Juni 2008 Java waufulu anakhoza mayeso onse a a Sun otsimikizira kuti ndi Java weniweni, ndipo chaka chomwecho OpenJDK inalowa m'chipinda chachikulu cha Debian, pa khomo lakumaso.

Chaka chomwecho cha 2008, pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, panachitika kanthu kakang'ono kamene kanadzamveka dziko lonse lapansi. Pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene chimathandiza anthu pafupifupi 250,000 a m'midzi yozungulira, panafika wophunzira wa ku Stanford, Josh Nesbit, atanyamula mafoni akale ndi laputopu imodzi. Pa laputopupo panali FrontlineSMS, pologalamu imene anayambitsa a Ken Banks mu 2005, yosandutsa kompyuta ndi foni imodzi kukhala malo olandirira ndi kutumizira mauthenga popanda intaneti. Chaka chimenecho pologalamuyi inatuluka mwatsopano italembedwa mu Java, kuti iziyenda pa makina a mtundu uliwonse. Anthu 75 odzipereka pa zaumoyo m'midzi analandira mafoni. M'malo mopalasa njinga mtunda wautali kukanena kuti wodwala wakuti wafooka kapena wasiya kumwa mankhwala, ankangolemba uthenga. M'miyezi isanu ndi umodzi chiwerengero cha odwala TB amene chipatala chinkatha kuwatsatira chinawirikiza kawiri. Ntchito imeneyi ndiyo inabala bungwe la Medic Mobile, limene linafalikira m'maiko ambiri.

Si Namitete yokha. Ku Neno a Partners In Health, amene kuno timawadziwa kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, anasankha OpenMRS posunga mbiri ya odwala, ndipo nayo ndi ya Java. Koma chachikulu ndi DHIS2, pologalamu imene amaiyang'anira a University of Oslo ku Norway, imene unduna wa zaumoyo unaifalitsa m'maboma onse kuyambira mu 2012. Malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera ku Kapiri, ku Mkanda, ku Kochilira, onena kuti ana angati alandira katemera ndi amayi angati achira kuchipatala, amathera m'menemo. Ku Chipata, kutsidya kwa malire, anzathu amagwiritsanso ntchito yomweyo. DHIS yoyamba inamangidwa pa Microsoft Access, chipala cha eni. Yachiwiriyi inalembedwa mu Java, ndipo inayamba kugwira ntchito ku Kerala m'dziko la India mu 2006, chaka chomwe chija Java anamasulidwa. Ine ndimaona kuti apa tinachita mwayi umene sitinaupemphe. Chiwerengero cha odwala a dziko lino chikanatha kukhala pa maziko amene mwini wake akhoza kuwaikira mtengo tsiku lililonse.

Ndipo tsikulo linafikadi. Kampani ya Sun inagwa m'mavuto a zachuma, ndipo a Oracle anaigula pa madola 7.4 biliyoni, malondawo n'kutsirizika mu Januwale 2010. Munda unagulitsidwa. Mu Ogasiti 2011 a Oracle anathetsa DLJ. Zimene zinatsatira zikuonetsa bwino kuipa kwa chilolezo chobwereka. Mu JDK yakale ija munapezeka ziboo zimene akuba a pa intaneti akanatha kulowerapo. A Oracle anatulutsa zigamba zake, koma zigambazo zinatuluka DLJ itatha, kotero a Debian ndi a Ubuntu sakanatha kuzigawa. Anatsala ndi phukusi lodziwika kuti ndi lobooka, chigamba chili poteropo, manja ali omangidwa. A Debian analichotsa. A Canonical analengeza mu Disembala 2011 kuti nawonso alichotsa, ndipo anatero mu Febuluwale 2012. Kaphukusi kaja kopanda kanthu mkati, java-package, kanabwereranso pa ntchito. Odandaula a mu 2006 aja sanafunikenso kunena kanthu.

Chimene a Oracle sakanatha kulanda ndi OpenJDK. Chimene chaperekedwa pansi pa GPL sichibwezedwa, ndipo aliyense amene ali ndi kope ali ndi mphamvu yolipitiriza. Tinene zoona, a Oracle sanayese kuipha. Kuyambira pa Java 7 mu 2011 OpenJDK ndiyo inakhala muyeso wa Java yense, ndipo amisiri a Oracle ndiwo amalemba gawo lalikulu la ntchitoyo. Koma JDK yokhala ndi dzina lawo amaisinthira malamulo monga afunira. Kuyambira mu Epulo 2019 zigamba za Java 8 zinakhala zolipira kwa ochita malonda. Mu Seputembala 2021 anamasulanso JDK 17 kuti ikhale yaulere, koma kwa nyengo yoikika, imene inatha mu 2024. Mu Januwale 2023 anabweretsa mtengo wowerengera antchito onse a kampani, osati okhawo ogwiritsa ntchito Java: madola 15 pa munthu pa mwezi kwa makampani a antchito osakwana 1,000. Werengani nokha. Kampani ya anthu 200, ngakhale okhudza kompyuta akhale atatu, ndi madola 36,000 pa chaka, m'dziko limene ndalama zakunja timachita kuzisaka ndi nyali. Amene anasamukira ku OpenJDK nkhani zonsezi amangozimvera pa wailesi. Ndipo choseketsa n'chakuti pakati pa makampani amene lero amagawa OpenJDK yawoyawo, pamodzi ndi Amazon ndi Red Hat, palinso Microsoft yomwe ija.

Za mlandu wa Oracle ndi Google ndingodutsapo. Unayamba mu 2010 pa nkhani ya zigawo za Java zimene zinalowa mu Android, ndipo bwalo lalikulu la ku America linagamula mokomera Google mu Epulo 2021. Chotikhudza ife n'chakuti a Google nawonso ali ndi chipala chawo. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Mchinji amene akufuna kulemba pologalamu ya pa foni, kaya yothandiza alimi a mtedza kudziwa mitengo, afunika Android SDK. Source code ya zambiri za m'menemo ndi yaufulu, koma phukusi lopangiratu limene a Google amapereka lili ndi malamulo oletsa kuligawa. Gulu la Replicant linadandaula za malamulowa mu 2013 mpaka kudzipangira SDK yawo. A Debian amamanga okha zigawo zimene angathe kuchokera ku source code, ndipo pa zotsalazo anabwerera ku nzeru yakale ija: timaphukusi timene mkati mwake muli adiresi yokha yokakokera katundu kwa mwini wake. Za Apple ndiye musafunse. Layisensi ya chipala chawo cha Xcode imati chigwiritsidwe ntchito pa kompyuta ya Apple basi, choncho amene akufuna kulembera iPhone ayambe wapeza ndalama ya makinawo.

Ena adzati zonsezi ndi mbiri yakale, poti chingwe cha intaneti chinafika, china mwa icho chinadzera ku Mchinji konkuno polowera ku Zambia, ndipo zimene zinkatenga maola awiri lero ndi mphindi. Pa boma ndi zoona, bola mayunitsi alipo, ngakhale zipangizo za Android lero zimayezedwa m'ma gigabyte osati m'ma megabyte. Koma mphunzitsi wa makompyuta pa sekondale ya kumudzi, amene ali ndi makina 20 ndi netiweki yochita kukwerera pa chulu, amadalirabe kachipangizo ka flash m'thumba la malaya. OpenJDK akhoza kuikoka kamodzi ali ku Lilongwe, kuiika pa makina onse 20, n'kutsanulirako mphunzitsi mnzake wa ku Chipata, ndipo pa chipata cha Mwami palibe kalata imene angamufunse. Phukusi la a Google lija lamulo lake likuti mnzakeyo akadzikokere yekha kwa mwini wake, avomereze malamulo ndi chala chake, ndi mayunitsi ake.